Maloya Aakazi ndi Nkhondo Yomenyera Chilungamo

Kale m'Malawi muno ntchito ya uloya inkaoneka ngati ya abambo okha. Mayi akafika kubwalo la milandu, anthu ankadziwa kuti wadzadandaula, wadzachitira umboni, kapena ndiye woimbidwa mlandu. Zoti mayi angavale mkanjo wakuda ndi kuimirira pamaso pa woweruza kuti atanthauzire malamulo zinali zachilendo. Lero zinthu zidasintha, koma kusinthako sikudagwe ngati mvula. Kudabwera chifukwa cha amayi ochepa olimba mtima amene adalambula njira, ndiponso chifukwa cha mabungwe amene maloya aakazi adakhazikitsa atazindikira kuti mutu umodzi susenza denga.

Mbiriyi imayamba ndi Mayi Vera Chirwa, amene adabadwa m'chaka cha 1932. Amuna awo, Bambo Orton Chirwa, ndiwo adali loya woyamba wachikuda m'dziko la Nyasaland ndiponso mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress. Mayi Chirwa adalowa ndale akali mtsikana, ndipo m'chaka cha 1959 boma la atsamunda lidawatsekera m'ndende pamodzi ndi anthu ena omenyera ufulu. Dziko litangolandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, padabuka mkangano pakati pa Dr. Kamuzu Banda ndi nduna zake. Bambo Chirwa, amene adali nduna ya zachilungamo, adathawira ku Tanzania pamodzi ndi banja lawo. M'zaka za m'ma 1960 zomwezo Mayi Chirwa adamaliza maphunziro a zamalamulo mumzinda wa London, nakhala mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru zawozo adakazigwiritsa ntchito kuchilendo. Adatumikira boma la Tanzania, kenaka adakaphunzitsa zamalamulo pa Yunivesite ya Zambia.

Pa 24 Disembala 1981, Bambo ndi Mayi Chirwa pamodzi ndi mwana wawo adagwidwa kudera la kumalire a Zambia ndi Malawi, cha ku Chipata ndi Mchinji. Boma lidati adalowa okha m'dziko muno, pamene iwo adati adachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Adaimbidwa mlandu woukira boma, ndipo mlanduwo udakazengedwera kubwalo la mafumu ku Blantyre. Pa nthawiyo mabwalo otere adali ndi mphamvu zoweruza ngakhale milandu ya chilango cha imfa, koma woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya womuimira. Motero maloya awiri ophunzira bwino adadziyankhira okha pamaso pa bwalo limene silinkatsata njira zimene iwo adaphunzira. M'chaka cha 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe.

Apa ndi pamene mphamvu ya mgwirizano idayamba kuoneka. M'dziko muno mudalibe munthu kapena bungwe lotha kutsegula pakamwa, pakuti kutero kudali kudziitanira tsoka. Mawu adachokera kunja. Bungwe la Amnesty International, mipingo ya ku Scotland, maloya ndi atsogoleri a maiko ena adadandaulira boma la Malawi, ndipo m'chaka cha 1984 chilango chija chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Awiriwo adasungidwa m'ndende ya Zomba koma m'zipinda zosiyana, osaonana kwa zaka zisanu ndi zitatu. Adadzaonananso m'mwezi wa Sepitembala 1992, pamene gulu la maloya ochokera ku Britain lidaloledwa kuwayendera. Patangopita milungu yochepa, pa 20 Okutobala, Bambo Chirwa adamwalira m'ndendemo. Mayi Chirwa adatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Munthu wina akadangokhala pansi ndi kumalira masiku ake otayika. Iwo sadatero. Adakhazikitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu osauka kudziwa ufulu wawo, ndi la Women's Voice lomenyera ufulu wa amayi. Pambuyo pake adasankhidwa kukhala m'bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa, ndipo m'chaka cha 2000 adapatsidwa udindo woyendera ndende za m'maiko a mu Africa. Amene adalawa ukaidi ndiye adatumidwa kukaona mmene akaidi anzake akukhalira.

Pamene Mayi Chirwa adali m'ndende, amayi ena odziwa malamulo m'maiko oyandikana nafe adayamba kulumikizana. Nzeru yotere siidali yatsopano, pakuti bungwe la maloya aakazi a pa dziko lonse, lodziwika ndi dzina lakuti FIDA, lidakhazikitsidwa kale m'chaka cha 1944 mumzinda wa Mexico City. Kuno kummwera kwa Africa, m'chaka cha 1989 kudabadwa bungwe la Women and Law in Southern Africa, mwachidule WLSA. Lidayambira m'maiko asanu ndi limodzi: Botswana, Lesotho, Mozambique, Swaziland, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo Malawi adalowamo pambuyo pake. Amayi a m'bungweli sadakhutire ndi kuwerenga malamulo m'mabuku. Ankapita m'midzi ndi m'makomboni kukafunsa amayi anzawo mmene malamulowo amawakhudzira, makamaka pa nkhani ya chisamaliro cha ana ndi kagawidwe ka chuma cha masiye. Adapeza kuti zolembedwa m'buku ndi zochitika pamudzi kawirikawiri zimasiyana kutali.

Mmodzi mwa amene adayambitsa bungweli adali Mayi Unity Dow a ku Botswana. Iwo adakwatiwa ndi mwamuna wa ku America, ndipo lamulo la kwawo linkakaniza ana a mayi wotere kukhala nzika za dzikolo, pamene ana a bambo wokwatira mkazi wakunja ankaloledwa. Mayi Dow adasumira boma lawo, ndipo m'chaka cha 1992 bwalo la apilo lidagamula kuti lamulolo lidali la tsankho. Lidasinthidwa m'chaka cha 1995. Mlanduwu udaphunzitsa amayi a m'chigawo chonse kuti ngakhale boma likhoza kugonja pamaso pa Malamulo Oyendetsera Dziko.

Kuno kwathu zitseko zidayamba kutseguka m'zaka zomwezo. Mayi Anastasia Msosa adakhala mayi woyamba kusankhidwa kukhala jaji wa bwalo lalikulu, ndipo ndiwo adatsogolera bungwe limene lidayendetsa chisankho cha zipani zambiri cha 1994. M'chaka cha 2013 adakwezedwa kukhala mkulu wa majaji onse m'dziko muno, udindo umene mayi aliyense adali asadaugwirepo. Malamulo Oyendetsera Dziko atsopano nawo adalemba momveka, m'gawo 24, kuti amayi ayenera kutetezedwa ndi malamulo mofanana ndi abambo.

Komabe mawu a papepala sakhutitsa mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake amulanda nyumba, ziwiya ndi munda maliro asadathe n'komwe. N'chifukwa chake maloya aakazi, mogwirizana ndi mabungwe ena ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, adalimbikira kuti pakhale malamulo okhudza mavuto enieni a amayi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2006, la chuma cha masiye m'chaka cha 2011, ndipo la kusasiyanitsa pakati pa amayi ndi abambo m'chaka cha 2013. M'chaka cha 2017 Malamulo Oyendetsera Dziko adakonzedwa kuti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18.

Mlandu umene udaonetsa poyera phindu la mgwirizanowu ndi wa ku Msundwe, m'boma la Lilongwe. M'mwezi wa Okutobala 2019, wapolisi wina ataphedwa pa zipolowe za kuderalo, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adadandaula kuti apolisi ena adawagwirira ndi kuwachita zamanyazi. Amayiwa adali anthu wamba akumudzi, opanda ndalama zolipira loya. Bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association lidawatengera nkhani yawo kubwalo lalikulu. M'mwezi wa Ogasiti 2020 bwalolo lidagamula mokomera amayi ndi atsikana 18, ndipo lidalamula kuti apatsidwe chipukutamisozi.

Poyerekeza milandu iwiriyi, wa 1983 ndi wa 2020, kusiyana kwake kukuonekeratu. Pa woyambawo, mayi wophunzira malamulo mpaka ku London adaimirira pabwalo wopanda womuyankhulira, ndipo amene adamupulumutsa ku chingwe adali anthu a kutsidya kwa nyanja. Pa wachiwiriwo, amayi akumudzi adapeza owaimira pakati pa ana aakazi a dziko lawo lomwe. Ntchito ikadalipo yambiri, pakuti maloya ochuluka amakhala m'mizinda pamene anthu ambiri ovutika ali kumidzi, ndipo miyambo ina yopondereza amayi siidatheretu. Komabe mtsikana wofuna uloya masiku ano sayendanso yekha m'thengo monga adayendera Mayi Chirwa. Njira idalambulidwa, ndipo alipo akuluakulu omugwira dzanja.