Cikondi ndi Udindo m'Sewero la Twelfth Night

Pa 2 February 1602, John Manningham, wophunzira za malamulo ku Middle Temple mu London, anapenyerera sewero loseketsa la William Shakespeare lochedwa Twelfth Night, nalemba za ilo m'buku lake. Iye sanachulemo za cikondi ca Orsino ndi Viola. Cimene cinamukondweretsa ndi msampha umene anachera Malvolio, kapitao wa panyumba ya Olivia. Mboni imeneyi itilozera pamene pagona nkhani: m'seweroli cikondi cisokoneza mitu ya onse, koma malipiro ake atsata udindo wa munthu.

Orsino, wolamulira dziko la Illyria, alira usana ndi usiku cifukwa ca Olivia, komabe angotuma amithenga. Olivia analumbira kulira mlongo wake zaka 7, koma lumbirolo lisungunuka tsiku limene aona Cesario, mthenga wa Orsino, osadziwa kuti ndi namwali Viola wobvala zacimuna. Viola yekha ndiye akonda mwakacetecete, nafunsirira mbuye wake mbeta pamene iye mwini amufuna. Tikumbukire kuti mbali za akazi zinali kuseweredwa ndi anyamata kufikira 1660, motero openyerera anali kuona mnyamata wosanduka mkazi amene wasandukanso mwamuna. Potsiriza Olivia akwatiwa ndi Sebastian, mphasa mnzake wa Viola, pomuyesa Cesario, ndipo Orsino atembenukira kwa Viola. Palibe awadzudzula.

Malvolio naye asokonezeka mutu. Atatola kalata yonama imene Maria analemba motsanzira dzanja la Olivia, abvala masokosi acikasu, namwetulira kosalekeza pamaso pa mkazi wofedwa. Amuyesa wamisala, namutsekera m'cipinda camdima. Kunena zoona, kupusa kwake sikuposa kwa Orsino. Mlandu wake ngwakuti wanchito walota kukhala mwini nyumba. Maria, amenenso ndi wanchito, akwatiwa ndi Sir Toby popanda cilango, pakuti ku England wa nthawi imeneyo mkazi anali kulowa mu udindo wa mwamuna wake, ndipo ulamuliro wa panyumba sunali kugwedezeka.

Malvolio acoka pabwalo alikuopseza kuti adzabwezera. Pamene seweroli linaonetsedwa kunyumba ya mfumu mu 1623, olemba kaundula analicha Malvolio, dzina la kapitao uja.