Tsiku la Lucia Woyera la 1916: Pamene Phiri Linakwirira Asilikali

Pa 13 Disembala, mkati mwa nyengo ya Adventi, Mpingo umakumbukira Lucia Woyera, namwali wa ku Syracuse amene anafera chikhulupiriro chake m'chaka cha 304. Dzina lake limachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuwala. Koma m'mapiri a kumpoto kwa Italy tsiku lomweli lili ndi dzina lina lachisoni, Santa Lucia Nera, kutanthauza tsiku lamdima la Lucia Woyera. Sabata ino, achinyamata anzathu, tiyeni tibwerere ku chaka cha 1916 kuti tione chimene chinadetsa tsiku la kuwala.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itafika pachimake. Dziko la Italy linalowa m'nkhondoyi mu Meyi 1915 kukamenyana ndi ufumu wa Austria-Hungary, ndipo malire a magulu awiriwa anadutsa pamwamba pa mapiri a Dolomites. Phiri lalitali kuposa onse kumeneko ndi Marmolada, lotalika mamita 3,343, kuposa nsonga yathu ya Sapitwa. Anyamata a mbali zonse ziwiri, ambiri a iwo Akatolika, ankagona ndi kudzuka pamalo amene anthu a m'midzi ya m'munsi sankafikako n'komwe m'nyengo yozizira.

M'chilimwe cha 1916 asilikali a Austria-Hungary anamanga msasa wa nyumba zamatabwa pamalo otchedwa Gran Poz. Malowo anawasankha mwanzeru za nkhondo, pakuti matanthwe ankawatchinjiriza ku mizinga ya adani. Chimene sanachiwerengere n'chakuti pamwamba pa msasawo panali phedi lalikulu pamene chipale chofewa chimaunjikana.

Ife amene sitinapondepo chipale tingaganize kuti ngozi imadza pakati pa nyengo yozizira, chipale chitachuluka. Odziwa za mapiri amaopanso kwambiri masabata oyambirira. Chipale choyamba chimagwa chochepa, kenaka usiku wozizira wopanda mitambo umachisandutsa timibulu tosagwirana, tonga shuga. Chipale china chikagwa pamwamba pake, mphepo n'kuchitsendera, chimauma ngati chithabwa chachikulu chokhala pa maziko ofumbwa. Pamaso pamaoneka posalala ndi pokongola, koma phazi la munthu mmodzi likhoza kung'amba chonsecho. Mvula ndi kutentha kwadzidzidzi nazo zimalemeretsa chipale ndi kuchimasula. Zigumukire zambiri zimayambira pa mapedi opendekeka madigiri 30 mpaka 45. Amene anamva za Napolo wa ku Zomba mu 1946, kapena anaona zimene zinachitika ku Soche mu 2023, akudziwa liwiro la phiri likayamba kuyenda.

Kuchiyambi kwa Disembala 1916 chipale chinagwa masiku otsatizana mosalekeza, mpaka kuunjikana mamita angapo. Mkulu wa asilikali a pa Gran Poz, Kaputeni Rudolf Schmid, anaona ngoziyo ndipo analembera akuluakulu ake kupempha kuti asamutse anthu ake. Pempholo linakanidwa. Kenaka mpweya wofunda ndi wachinyontho unakwera kuchokera ku nyanja ya Mediterranean, nubweretsa mvula m'munsi ndi chipale cholemera pamwamba.

M'mbandakucha wa pa 13 Disembala, cha m'ma 5:30, phedi lonse linagumuka. Chipale cholemera matani pafupifupi 200,000 chinatsikira pa msasawo anthu ali m'tulo, ndi kuphwanya nyumba zamatabwa zija. Mwa asilikali opitirira 300 amene anali pamenepo, pafupifupi 270 anafa, ndipo mitembo imene inapezeka inali ngati 40 yokha. Kaputeni Schmid anapulumuka. Tsiku lomwelo komanso masiku otsatira zigumukire zina zinagwera misasa ndi njira za mbali zonse ziwiri, osasankha mtundu kapena mbendera. Mabuku akale ankati anthu 10,000 anafa. Akatswiri a pa yunivesite ya Bern amene anafufuzanso nkhaniyi patatha zaka 100 anapeza kuti asilikali osachepera 2,000 ndiwo anatha m'masiku amenewo. M'mayiko ambiri tsikuli limatchedwa Lachisanu Loyera, ngakhale kuti linali Lachitatu.

Opulumuka anaphunzirapo kanthu. Asilikali a Austria-Hungary analimbikira kukumba ngalande pansi pa madzi oundana a Marmolada, motsogozedwa ndi Leo Handl, mpaka zinatalika makilomita pafupifupi 12, ndipo munali mogona, mophikira ndi mosungira katundu. Nkhondo itatha, anthu anayamba kuchiphunzira chipale mwasayansi. Mu 1936 ku Davos, m'dziko la Switzerland, kunayambika ntchito yofufuza za chipale ndi zigumukire, ndipo kuyambira 1993 mayiko a ku Ulaya akhala akuchenjeza anthu ndi muyeso umodzi wa magawo asanu. Lero tikudziwa kuti mwa anthu okwiririka amene afukulidwa mphindi 15 zisanathe, pafupifupi 9 mwa 10 amakhala ndi moyo, koma theka la ola likadutsa ambiri amakhala atabanika. N'chifukwa chake okwera mapiri samayenda okha, ndipo amanyamula fosholo, ndodo yofufuzira ndi kachipangizo kolozera pamene munthu wakwiririka. Wopulumutsa woyamba amakhala mnzako amene unali naye paulendo.

Chimene chimatipweteka mtima m'mbiri imeneyi n'chakuti chenjezo linalipo. Munthu amene ankagona pansi pa phedilo anaona, nalemba, koma amene anali ndi mphamvu yolamula anaopa mdani wooneka ndi maso kuposa ngozi imene inkakula mwakachetechete pamwamba pa mitu ya anyamata awo. Akulu athu amati madzi saiwala khwawa. Chipale nachonso chimatsika m'njira zake zomwezo chaka ndi chaka, ndipo womanga nyumba m'njira yake amangoyembekeza tsiku. Papa Benedict XV, amene mu Ogasiti 1917 anapempha atsogoleri a mayiko kuti aleke kuphana kopanda phinduko, nayenso sanamveredwe.

Lucia Woyera ndi nkhoswe ya odwala maso. Pa tsiku lake tipemphe maso oona zimene zabisika pansi pa zinthu zokongola, ndi makutu omva wamng'ono akamachenjeza, makamaka ife amene tapatsidwa udindo m'magulu athu a achinyamata ndi m'miphakati. Tipempherere mizimu ya anyamata a pa Marmolada, a mbali zonse ziwiri, kuti iuse mu mtendere.