Kufufuza Vuto la Netiweki pa Seva Zogawidwa m'Maofesi a m'Boma la Ntcheu

Seva yogawidwa ndi kompyuta imodzi yamphamvu imene mkati mwake mumagwira ntchito makompyuta ena osakhudzika ndi manja, otchedwa virtual machine kapena VM. Makina enieniwo amatchedwa host, ndipo pulogalamu yowagawa, monga VMware ESXi, Hyper-V kapena Proxmox, imatchedwa hypervisor. Njirayi imachepetsa zipangizo zoti ofesi igule, koma netiweki ikaduka malo oyenera kuunika amachuluka, popeza pakati pa VM ndi chingwe pamakhalanso switch ya m'pulogalamu, yosaoneka ndi maso.

Choyamba nkudziwa ngati vuto lili m'kati mwa ofesi kapena kunja. Ntchito yoyala chingwe cha fibre cholumikiza maboma onse 28 inayamba mu 2017 mothandizana ndi kampani ya Huawei, ndipo mu 2022 boma linatsegula malo osungirako deta mumzinda wa Blantyre. Uthenga wochoka pa Ntcheu boma umayenda mtunda wautali usanafike kumene ukupita. Wochoka ku Tsangano kapena ku Kasinje kawirikawiri umadalira netiweki ya mafoni. Ngati makompyuta a muofesi akufikira seva koma intaneti palibe, kawirikawiri seva imakhala ilibe mlandu. Aunike router ndi chingwe chotulukira kunja, kenako adziwitse amene amapereka intanetiyo.

Mavuto ambiri a m'kati amaonekera magetsi akangoyaka pambuyo pozima nthawi yaitali, batire ya UPS itatha. Host imadzuka bwinobwino, nyali zonse zikuyaka, koma palibe amene akulowa m'dongosolo. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi ndondomeko yodzukira. VM imene imagawa maadiresi kudzera mu DHCP ndi kumasulira mayina kudzera mu DNS iyenera kudzuka zinzake zisanadzuke. Ikachedwa, kompyuta ya Windows imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, chimene chili chizindikiro chakuti sinayankhidwe. Ma hypervisor atatu onsewa amalola kukonza VM yoyamba kudzuka ndi nthawi imene zinazo ziyembekezere, ndipo zimenezi nzofunika kuzikonza tsiku loika seva, osati tsiku la vuto.

Chifukwa china chimabisala mu switch yeniyeni ya m'kabati. Pa switch zambiri, monga za Cisco, zimene katswiri wasintha zimagwira ntchito nthawi yomweyo koma sizisungika mpaka atalamula kuti zisungidwe. Magetsi akazima, switch imabwerera ku zakale. Khomo limene host yalumikizidwako likasiya kunyamula ma VLAN onse, host imayankha ping koma VM zina zimakhala chete. Apa anthu ambiri amathamangira kufufuta VM nkuiikanso, ntchito ya tsiku lathunthu imene sichiza kanthu ndipo imaika deta pachiwopsezo. Choyenera nkuyerekeza nambala ya VLAN ya pa switch ya m'pulogalamu ndi ya pa khomo la switch yeniyeni, ziyenera kufanana.

Wotchi nayo isanyozedwe. Batire yaing'ono ya pa host ikatha, nthawi imasokonekera, ndipo dongosolo la Kerberos, limene Windows imagwiritsa ntchito potsimikiza olowa, limakana kompyuta imene wotchi yake yasiyana ndi ya seva ndi mphindi zoposa 5. Wogwira ntchito amangoona kuti pasiwedi yakanidwa, nkumadandaula za netiweki.

Vuto longobwera nkupita, mphindi ino kulumikizika ina kuduka, limachokera kawirikawiri ku VM imene inakopedwa kuchokera ku inzake nkutsala ndi adiresi ya IP kapena ya MAC yofanana. Kuzimitsa imodzi mwa ziwirizo kumasonyeza msanga ngati ndi choncho.

Poyesa ndi ping, katswiri ayambire pafupi: VM ina ya pa host yomweyo, kenako gateway, kenako adiresi ya kunja, pomaliza dzina la tsamba. Ngati adiresi ya kunja ikuyankha koma dzina ayi, vuto ndi DNS. Popereka nkhaniyi ku Dipatimenti ya E-Government, ofesi ilembe nthawi imene vuto linayamba, ngati magetsi anazima, chimene chinasinthidwa komaliza, ndi sitepe imene ping inalekezera kuyankha.