Nsabwe ya Mumlengalenga ndi Mlandu wa Amisiri a Pakhomo

M'makatuni, munthu wopanga ndege pakhomo pake amajambulidwa ngati wozungulira mutu. Ku Britain, W. Heath Robinson anatchuka ndi zithunzi za makina omangidwa ndi zingwe za mfundo zokhazokha, mpaka dzina lake linasanduka chitonzo cha chipangizo chilichonse chosokonekera. Mu 1969 kampani ya Hanna-Barbera inatulutsa makatuni a Dastardly ndi galu wake Muttley, omwe ndege zawo zinkaphwasuka nthawi zonse pothamangitsa nkhunda imodzi. Ana amaseka, ndipo kusekako si mlandu. Chodandaulitsa n'chakuti akuluakulu nawonso anazolowera kuganiza kuti ndege yokhomedwa kuseri kwa nyumba ndi misala basi. Mbiri ikunena zina, ndipo umboni wake uli m'nkhani yomwe anthu amakonda kuitchula ponyoza amisiriwa.

Henri Mignet anali Mfalansa wodziwa za wailesi, amene ndege za masiku amenewo zinkamuvuta kuwongolera. Iye anaona kuti vuto lili pa makinawo, choncho anakonza kandege kakekake ka matabwa opyapyala, nsalu, guluu ndi injini ya njinga yamoto. Kanali ndi mapiko awiri otsatizana, lakutsogolo lili m'mwambako pang'ono. Woyendetsa ankangogwira ndodo imodzi: akaikoka kapena kuikankha, phiko lonse lakutsogolo linkapendekeka, akaikankhira kumbali, chiwongolero cha kumchira chinkakhota. Kandegeka, kotchedwa HM.14, kanauluka koyamba pa 10 September 1933 kufupi ndi Soissons. Dzina lake lotchuka linali Pou du Ciel, kutanthauza nsabwe ya mumlengalenga, ndipo Angerezi anakatcha Flying Flea. Mu 1934 Mignet anasindikiza buku la Le Sport de l'Air lofotokoza kapangidwe kake konse, ndipo mu August 1935 anaoloka nako nyanja ya pakati pa France ndi England, n'kukatera ku Lympne. Apa ndiye moto unabuka. Akalaliki, amakaniko ndi ana asukulu anayamba kucheka matabwa m'magalaja ndi m'zipinda zogona. Kuuluka kunali kwa asilikali ndi anthu achuma, ndipo tsopano munthu wamba anaona khomo lotseguka.

Wotsutsa anena kuti mapeto ake anali maliro, ndipo sakunama. Mu 1935 ndi 1936 anthu angapo anafa ku France ndi ku Britain, ndege zawo zitazolika mphuno pansi osadzukanso, ndipo maboma analeka kupereka chilolezo choti ziziuluka. Imfa zimenezi si zozipeputsa. Komabe tifunse bwino: anawapha n'chiyani? Akadakhala kuti anaphedwa ndi guluu wosagwira kapena misomali yokhomedwa mwachibwana, bwenzi mlandu uli wa amisiri a pakhomo. Sizinali choncho. Ena mwa omwalirawo anali oyendetsa ndege ophunzitsidwa bwino a gulu lankhondo la Royal Air Force. Mu 1936 akatswiri anaika ndege yathunthu m'chinyumba chopemereramo mphepo yamphamvu ku Chalais-Meudon ndi ku Farnborough, ndipo chilema chinaonekera. Ndegeyo ikamatsika mwaliwiro, woyendetsa n'kukoka ndodo kuti aidzutse, mpata wa pakati pa mapiko awiri aja unkachepa, mphepo n'kuthamanga kwambiri pamwamba pa phiko lakumbuyo. Phikolo linkanyamula mchira, mphuno n'kuzolikiratu. Chimene munthu ankachita kuti adzipulumutse ndicho chinkamukankhira pansi. Chilemacho chinali m'pulani, ndipo ngakhale fakitale yaikulu ikadapanga ndege yomweyo, ikadagwa chimodzimodzi.

Mignet sitingamuchotsere mlandu wonse. Anafalitsa pulani kwa anthu zikwizikwi asanaiyese mokwanira, ndipo poti iye ankauluka ndi injini yofooka komanso mosamala, sanafike pomwe ngoziyo inabisala. Ena ataika injini zamphamvu anaipeza. Kulakwa kwake kunali kufulumira, ndipo fulumirafulumira anadya zosapsa. Koma chilema chitadziwika chinakonzedwa: anasintha kaumbidwe ka mapiko ndi katalikirana kwake, ndipo mitundu ina yotsatira monga HM.293 ndi HM.360 inapangidwa ndi kuuluka kwa zaka zambiri.

Wina anganenebe kuti mlengalenga si malo ophunziriramo, ndipo ntchito yotere isiyidwe kwa makampani. Amaiwala kuti ndege yoyamba ya mu 1903 inapangidwa ndi Wilbur ndi Orville Wright, okonza njinga a ku Dayton opanda digiri. Chinawasiyanitsa ndi ambiri amene analephera n'chakuti mu 1901 anadzipangira kabokosi kopemereramo mphepo, n'kuyesamo timapiko tambirimbiri asanaikenso moyo wawo pachiswe. Amisiri a pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatola phunziro lomweli. Ku France kunabadwa bungwe la Réseau du Sport de l'Air. Ku Britain gulu lomwe linayamba mu 1946, lomwe lero ndi Light Aircraft Association, limatumiza oyendera kukaona ndege ikumangidwa, nsalu isanakutire nthiti za mapiko. Ku United States, Paul Poberezny anayambitsa Experimental Aircraft Association mu 1953 ku Milwaukee, ndipo msonkhano wake wa chaka ndi chaka ku Oshkosh umasonkhanitsa ndege zikwizikwi, kuphatikizapo zambiri zomangidwa ndi eni ake.

Choncho chigamulo pa nsabwe ya mumlengalenga chiyenera kukhala chachilungamo. Anthu amene anacheka matabwa m'magalaja mwawo mu 1935 sanali zitsiru za m'makatuni. Anatsatira pulani mokhulupirika, koma panalibe woiyesa iwo asanakwere. Chimene ankasowa anali woyendera wodziwa ntchito, ndipo m'mayiko amene woyenderayo anapezeka, ndege za pakhomo zikuulukabe mpaka lero.