Mawu a Pagalaja: Matenda a Pikapu Yokalamba

Mlimi amene wagulitsa fodya wake ku okushoni ya ku Kanengo, nagula ndi ndalamazo galimoto yonyamula katundu imene ambiri amati pikapu, pomwe anzathu a ku Joni amati bakkie, amabwerera kumudzi ali wokondwa, poyesa kuti watsazikana ndi umphawi. Koma isanathe miyezi itatu amazindikira kuti pamodzi ndi galimotoyo wagulanso chilankhulo chachilendo, chimene aphunzitsi ake ndi amakaniko a ku Biwi kapena ku Ndirande, ndipo liwu lililonse la m'chilankhulocho lili ndi mtengo wake.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti mayina a ziwalo za galimoto tinachita kubwereka, pamene mawu onena za matenda ake ndi athu enieni. Giyabokosi, kilachi, gasiketi, difu ndi masipuling'i, onsewa anadza ndi eni chitsulocho, ife tinangowawongola kuti akhale bwino m'kamwa. Koma Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968, ikafika m'manja mwa Mchewa imasanduka chamoyo chonga ng'ombe yokoka ngolo: imatopa, imadya, imatsokomola, imalira, ndipo pamapeto pake imafa. Ndiyesa kuti m'mawu amenewa muli nzeru yoposa ya mayina obwereka aja, pakuti dzina limangoloza chiwalo, pamene mawu enawa amauza mwini galimoto kuti akonzekere ndalama zingati.

Tiyambe ndi kudya oyilo. M'kati mwa injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika, ndipo iliyonse yavala mikombero yachitsulo yotchedwa maring'i, imene ntchito yake ndi kutsekereza oyilo kuti asakwere kumene mafuta akuyaka. Maring'iwo akaperepeseka ndi ukalamba, kapena ndi fumbi la m'misewu yathu lolowa chifukwa cha sefa ya mpweya yong'ambika, oyilo amayamba kupsa pamodzi ndi dizilo, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi wabuluu. Makaniko akanena kuti, "Bwana, injiniyi yatopa," tanthauzo lake n'lakuti nthawi ya ovaholo yakwana, ndiko kuitsitsa pansi ndi kuiphwasula yonse. Utsi wakuda uli ndi uthenga wina: mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo mlandu umagwera manozo, pampu kapena sefa yotsekeka. Pampu ya dizilo ndi chiwalo chosalola chibwana, ndipo ambiri amene anathira mafuta a m'zigubu, osakanizidwa ndi madzi kapena palafini, masiku amene mafuta anasowa m'dziko, anailipira pampuyo misozi ili m'maso.

Kuwira ndiko kumene kwapha injini zambiri. Galimoto yolemedwa ikamakwera phiri la ku Golomoti kapena la ku Chiweta dzuwa lili paliwombo, ledieta yake itatsekeka ndi dzimbiri ndi matope chifukwa chothiridwa madzi a mumtsinje zaka zambiri, muvi wa kutentha umakwera mwakachetechete. Ndipo dalaivala amene maso ake ali pa ndalama za ulendowo, akapitiriza pang'ono pokha kuti akaime pamwamba, amapsereza gasiketi, ndicho chotsekera chopyapyala chimene chili pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Pamenepo madzi ndi oyilo, zimene siziyenera kuonana, zimakumana, ndipo oyilo amaoneka ngati tiyi wothira mkaka. Gasiketi payokha si yodula kwenikweni. Chodula ndi mutu wa injini ukapindika kapena kung'aluka, makamaka ngati munthu wathira madzi ozizira pa chitsulo chotentha poyesa kuti akuchichitira chifundo.

Pali liwu limodzi limene tinalibwereka ngakhale ndi la matenda, ndilo kunoka, ndipo limanenedwa motsitsa mawu monga uthenga wa maliro. Injini imanoka oyilo akatha kapena akakalamba osasinthidwa, kotero kuti mabering'i amasungunuka ndipo zitsulo zimayamba kumenyana. Tsoka lofanana nalo limadza ndi lamba wa taiming'i. Injini zakale za dizilo za Hilux, monga 2L ndi 3L, zili ndi kanyali kolembedwa kuti T-BELT, kamene kamayaka galimoto ikayenda makilomita 100,000, kukumbutsa mwini wake kuti asinthe lambayo. Pakuti akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavalavu, ndipo lamba wa mtengo wochepa amagwetsa injini yonse. Vuto n'lakuti kanyaliko kangathe kuzimitsidwa lamba asanasinthidwe, ndipo alipo ogulitsa amene amadziwa bwino kachitidwe kake. Zengelezu adalinda kwawukwawu, ndipo wogula wanzeru amasintha lambayo sabata yoyamba, osafunsa za kanyali.

Za kunsi kwa galimoto sindichulukitsa mawu, chifukwa mlandu wake ndi umodzi, ndiwo katundu. Pikapu zambiri zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Koma pikapu ya matola imasenza matumbawo, pamwamba pake anthu, mbuzi ndi njinga, mpaka masipuling'i amawongoka n'kuthyoka, mabuleki amatentha potsetsereka, ndipo chasisi, chimene chili msana wa galimoto, chimang'aluka. Chasisi chowotcherera sichibwereranso mwakale, ndipo penti watsopano amabisa zonsezi bwino lomwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono wofuna kugula asachite manyazi kugona pansi pa galimoto ndi tochi, ngakhale atavala jekete la ku tchalitchi.

Liwu lakuti sipeya lili ndi ana atatu: pali orijino, pali chotchipa chongofanana nacho maonekedwe, ndipo pali chochotsedwa pa galimoto ina yakufa. Pafupifupi zonse zatsopano zimachokera kunja, n'chifukwa chake kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya m'mashopu a masipeya inakwera, ngakhale ya zitsulo zimene zinakhala pa shelefu chaka chathunthu. Onjezanipo inshulansi, chiphaso cha COF chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera pamsewu, matayala, batire, ndi ndalama za pazipata za Chingeni ndi Kalinyeke, ndipo mudzaona kuti mtengo wogulira uja unali chikole chabe, ukwati weniweni uli m'tsogolo. Walira mvula walira matope. Komabe sindinyoza galimoto zakalezi, pakuti zilibe makompyuta ambiri, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amazikonza ndi masipanala ochepa, chimene galimoto zamakono sizilola.

Mawu oyenera kuopedwa koposa onse ndi a wogulitsa, akamati, "Achimwene, ilibe vuto iyi, ikungofunika batire basi." Galimoto yosalira siingayesedwe utsi, kulira kwake sikumveka, ndipo magiya ake sangalowetsedwe pamsewu, ndipo kukanakhala kuti batire ndiye vuto lokha, mwini wake akanabwereka la mnansi kwa ola limodzi. Zambiri zogulidwa ndi mawu amenewa zimathera pamene timati pamiyala. Poyamba amachotsa tayala limodzi kukamatitsa, naikapo mwala. Kenaka mnzake wa Hilux yonga yomweyo amadzapempha sitata kuti abweza Loweruka. Mvula ikagwa kawiri udzu umamera m'bodi, nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala, ndipo anyamata a ku Ndirande amayamba kufika mmodzimmodzi kudzafunsa mtengo wa difu.