Sinki Yatsopano, Mpope Wouma

M'nthawi ya atsamunda, khitchini ya nyumba zambiri za azungu ku Blantyre inkakhala kuseri, pafupi ndi tinyumba ta antchito. Kumeneko kunali kwa wophika wachikuda. Sinki inadzafala m'nyumba za anthu wamba bungwe la Malawi Housing Corporation litakhazikitsidwa mu 1964 n'kuyamba kumanga nyumba ngati za ku Nkolokosa.

Lero eni nyumbazi akugumula zakale, kuikamo matailosi ndi kauntala ya granite. N'zokongola ndithu. Koma madzi ambiri a mumzindawu amachokera ku Walker's Ferry, pa mtsinje wa Shire, ndipo amapopedwa ndi magetsi kukwera zitunda. Magetsiwo akavuta, mbale zimatsukidwira m'beseni, ndi madzi a m'zigubu zosungidwa pansi pa sinki yatsopanoyo.