Za Njira Zosankhira Atsogoleri m'Maiko Osiyana

Kuyambira kale mitundu ya anthu yakhala ikufunafuna njira yabwino yosankhira atsogoleri, ndipo mafunso ace ali awiri: kodi wosankha adzasankha mopanda mantha, nanga owerenga adzawerenga moona?

Ku Sparta, m'dziko la Greece, akulu a bwalo anali kusankhidwa ndi mfuu. Amuna owerengeka anatsekeredwa m'nyumba yapafupi, ndipo wopikisana ali yense podutsa pamaso pa khamu, iwo anayesa kukula kwa phokoso osaona mwini wace. Koma khutu limanyenga, ndipo anthu ocepa a mau akulu angathe kuposa ambiri ofatsa.

Ku Britain munthu anali kuchula poyera dzina la amene anamfuna, ndipo mau acewo analembedwa m'buku. Cotero wokhala pa munda wa mwini anasankha ndi mantha, poopa kupitikitsidwa. Kapepala ka m'tseri kanayamba ku Australia m'caka ca 1856, ndipo Britain anatsanzira mu 1872.

A ku Gambia, poona kuti ambiri sanadziwe kuwerenga, anayamba njira yao mu 1965. Wosankha analandira kampira kagalasi, nalowa kuseri, nakaponya mu mgolo wa munthu amene anamkonda. Belu linalira kamodzi, kuti wina asaponye tiwiri. Powerenga anakhuthulira timipirato pa thabwa la mabowo odziwika ciwerengero cace. Ndi njira yomweyi Adama Barrow anapambana Yahya Jammeh mu 2016.

Kenya anayesa zina mu 1988: anthu anaima pamzere kumbuyo kwa cithunzi ca amene anamfuna. Panalibe cinsinsi, ndiponso kunamveka madandaulo akuti m'madera ena mzere waufupi ndiwo unapambana. Njirayi inathetsedwa mu 1990.

M'dziko lathu lino, pa masankho a 1962, osankha anagawidwa m'kaundula wapamwamba ndi wapansi monga mwa cuma ndi maphunziro ao. Mu January 1964 akulu onse analoledwa kusankha, ndipo Kenneth Kaunda anakhala nduna yaikulu.

Mbiri imeneyi iphunzitsa cinthu cimodzi. Mfuu, kapepala ndi kampira ziri zipangizo cabe. Cofunika ndi cakuti munthu asankhe ali yekha, koma kuwerenga kucitike pamaso pa onse. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu asunge mau amenewa, pakuti tsiku lina adzaima pa bokosi, kapena adzakhala pa tebulo la owerenga.